Khadi la Sikelo la Mwana wa Esinati

Tamanda, Yohane ndi iwe Chifundo, mwandiumiriza kokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga maso asanafooke. Chabwino, kope mwagulali ndilidzaza. Za ubwana wanga musayembekezere: ndinabadwa, ndinadwala chikuku, ndinapita kusukulu, basi. Mutu uno ndikulemba chifukwa cha iwe Tamanda. Mwezi watha unandiimbira foni ukulira kuti mkaka wako ndi wochepa, mwana sakukhuta, ine n'kukwera basi tsiku lomwelo osasintha ndi chitenje chomwe. Unadabwa kuti mayi achita kuthamanga chonchi ngati kwagwa maliro bwanji. Yankho lili mu envulopu ya khaki imene imakhala m'Baibulo langa lakale, ija ndinakumenyera padzanja uli mwana utafuna kuitsegula. M'menemo muli khadi la sikelo la mwana amene si wanga.

1979, kumapiri

Unamwino ndinauyamba ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, pachipatala cha mishoni kumapiri a ku Dedza, kozizira koti m'mawa zala zinkakana kugwira jakisoni. Bwana wanga woyamba anali Sisita Chimphamba, mayi wamtali wosaseka amene ankayeza kutalika kwa yunifomu zathu ndi rula. Tsiku langa lachiwiri anandipeza ndikunyengerera mayi wina kuti amwe mankhwala. Anandikokera pambali n'kunena kuti, "Mtsikana iwe, wabwera kudzafunsira mbeta? Wodwala sanyengereredwa, amauzidwa. Ukamawafunsa maganizo udzaika ambiri m'manda." Mawu amenewo ndinawameza osatafuna, ndipo kunena zoona ankandigwirira ntchito. Inali nthawi ya chipani chimodzi, wovala yunifomu akalankhula ndiye kuti boma lalankhula. Ndikauza mzimayi kuti ubwere Lachisanu, ankabwera Lachisanu ngakhale mtsinje utadzaza. Ndinakhala kumeneko zaka khumi ndi zinayi, ndinakwatiwa ndi bambo anu, ndinabereka atatu inu, ndipo ana amene ndinawalandira m'manja mwangamu sindingawawerenge. Pochoka ndinali ndi mbiri yoti ndine nesi wachangu ndi wolusa, ndipo zonse ziwirizo ndinkanyadira.

1993, kunyanja

Bambo anu atasamutsidwira kusukulu ya m'mphepete mwa nyanja ku Salima, inenso anandipezera malo pachipatala chaching'ono cha komweko. Tinafika riferendamu itangotha, anthu akukwezerana zala ziwiri m'misewu. Kutentha kwake, mayo ine! Sabata yoyamba ndinkagona pasimenti nditafunda chitenje chonyowa. Chipatalacho chinali cha zipinda zinayi. Firiji ya katemera inkayendera parafini, parafiniyo n'kumabwera mwezi uno, mwezi wamawa ayi. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe ngati masokosi. Sikelo ya ana tinkaipachika pamtengo wa mango Lachisanu lililonse.

Mkulu wa pamalopo anali a Kachingwe, bambo wofatsa wa ku Kasungu. Sanali dokotala wa kuchipatala chachikulu, koma kumudzi mwamuna aliyense wovala choyera ndi adokotala. Ankayenda ndi kawayilesi m'thumba kumvera zandale, ndipo chimene ankachiopa kuposa njoka chinali kulembedwa m'nyuzipepala zatsopano zimene zinabuka masiku amenewo. "Asisita, chepetsani mawu," ankatero ndikakalipira munthu. "Ano ndi matipate, anthu atseguka pakamwa." Ine ndinkayankha kuti matenda alibe chipani. Sipanathe miyezi itatu amayi a kumeneko anandipatsa dzina loti Mwera, mphepo ija imene ikayamba mabwato onse amathawira kumtunda. Nditamva ndinaseka, ndinaliona ngati ulemu.

Moyo wa kumeneko unali nsomba. Amuna ankapita panyanja, ambiri ku Mbenji chilumba chikatsegulidwa mu Epulo. Pachilumbapo mkazi saponda, ndiye akazi ankadikira mabwato padoko kuyambira m'mamawa, kugula usipa ndi utaka, kufutsa, kuyanika pamathandala, mpaka dzuwa kupendeka. Mwana woyamwa ankakhala kumsana kapena ndi mlezi pamthunzi chapafupi, akalira mayi ake n'kumupatsa bere, geni n'kumapitirira. Mmodzi mwa amayi amenewa anali Esinati, mtsikana wa mawu okoma amene tinkaimba naye kwaya kutchalitchi. Ndiye anandiphunzitsa kuphika usipa wofutsa osauphwanya, ndipo sankadutsa pakhomo pathu osasiya kambale ka nsomba. Mwamuna wake Lufeyo anali mlovi, msodzi wolembedwa ganyu m'bwato la eni. Mimba yoyamba ya Esinati inapita padera, choncho atatenga yachiwiri ndinkamuyang'anira ngati mng'ono wanga.

Januwale mpaka Epulo, 1995

Dzinja limenelo kunagwa kolera. Tinamanga msasa kuseri kwa chipatala, odwala n'kumagona pamphasa, madiripi atapachikidwa pamisomali. Madiripiwo atatha tinatsala ndi madzi a mchere ndi shuga basi. Tsiku lina anabwera nako kamwana kokwawa kali lende, maso atalowa. Ndinafunafuna mtsempha osaupeza, ndipo kanatsirizika ndikanali kufuna. Nditafunsa mayi ake kuti mwanayu anali kuti dzulo, anati anali naye padoko, ankakwawa pamchenga n'kumatola zoika m'kamwa. Ndinapsa mtima koti sindinasambe ndi m'manja momwe bwinobwino. Ndinatsetsereka kudoko ndi yunifomu yanga, n'kukwera pabwato lovundikira.

"Tamverani amayi nonse! Kuyambira lero mwana asaonekenso pano. Ndikapeza mzimayi ali ndi mwana padoko, ndimulanda khadi la sikelo, ndipo kuchipatala kwanga asadzapondeko!"

A Kachingwe anapeza thabwa n'kulemba ndi penti yofiira kuti MWANA ASAFIKE PADOKO, LAMULO LA CHIPATALA, tinalikhomera pamtengo pamene njira imatsikira kunyanja. Tinalengezetsanso m'matchalitchi ndi kumzikiti. Akuluakulu athu a kuboma atabwera kudzayendera anaima pachikwangwanicho n'kundigwira chanza, ndipo pamsonkhano wina anatchula dzina langa kuti anzanga atengere chitsanzo. Mutu unakula, ana anga. Kolera anatha mvula itasiya, koma chikwangwani chinatsala pomwepo. Sindinaiwale kuchichotsa ayi, ndinkachikonda.

Esinati anachira kumapeto kwa Febuluwale, mwana wamwamuna wonenepa bwino, wolira ngati wamkulu. Ndinamulandira ndine, ndipo anamutcha Dalitso. Lachisanu lina mu Epulo anabwera naye kusikelo, ndinamuyeza, ndinaika kadontho kachiwiri pakhadi pamwamba pa koyamba, n'kumuyamikira. Masana a tsiku lomwelo ndinapita kudoko kukagula ndiwo. Kuseri kwa thandala ndinaona munthu atakhala chozembera, timiyendo ta mwana tikutuluka pansi pa chitenje.

"Esinati! Iwenso?"

"Anesi, pepani. Uyu ndi wakhanda, sakwawa. Amachoka kumsana kupita kubere, mchenga saukhudza."

"Ukundiphunzitsa ntchito? Sukulu ya unamwino unapita iwe?"

"Ayi anesi, koma nanga akalira kunyumba ayamwa chiyani?"

Limenelo linali funso labwino kuposa onse amene ndinafunsidwapo pantchito yanga, koma ine ndinangomva mwano. Amayi ena anali atasiya nsomba n'kumationerera, ndipo ndinadziwa kuti akufuna aone ngati Mwera angalange mnzake wa kwaya. Ndinatambasula dzanja. Esinati anamasula kapepala kapulasitiki kamene anakulungamo khadi, n'kundipatsa ndi manja awiri atagwada.

"Udzalitenge ukadzaphunzira kumva," ndinatero.

Kuchipatala ndinaliponya m'dirowa ya pansi. Sabata yotsatira anandiitana kusemina kutauni, masiku amenewo masemina anali ngati bowa, ndipo pobwerako za khadi zinali zitachoka m'mutu.

Meyi mpaka Julayi, 1995

Kusikelo kunayamba zachilendo. Mayi woyamba anati, "Anesi, mkaka wanga sukutuluka." Ndinamuuza kuti azidya mokwanira. Lachisanu lotsatira anali atatu, kenako ndinasiya kuwerenga. Ana amene ankakwera bwino anangoima, ena n'kuyamba kutsika. Ndinkawapachika pasikelo kawirikawiri poganiza kuti mwina sikeloyo yafa, mpaka ndinayesa kupachikapo paketi ya shuga. Sikelo inali bwinobwino. Chondizunguza mutu chinali chakuti amayi a kumtunda, olima, amene chaka chimenecho anakolola zochepa chifukwa cha chilala, ana awo ankakwera. Amene ankadandaula anali a kunyanja, odya nsomba tsiku ndi tsiku, manja ali dibwiridibwiri. Ha! Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ndinali ndisanaonepo mkaka ukuuma mudzi wonse nthawi imodzi.

Aliyense anali ndi yankho lake. Ena ankati ndi jakisoni wolera, ndipo amayi anayamba kumuthawa. Ena ankati ndi chimanga chachikasu cha thandizo, ena ankati pali wina wawatchera amayi a geni chifukwa cha nsanje. A Kachingwe ankati mwina ndi nkhawa ya kukwera kwa zinthu. Ine ndinali ndi yankho langa, ndipo ndinkalinena mokweza pansi pa mango paja: "Demokalase yakulowani m'mutu! Mwaika mtima pa geni, ana mwawataya. Ulesi basi!" Ndinawagawira ufa wa soya umene tinali nawo, ndinawauza zomwa thobwa ndi kudya nsinjiro, koma funso loti kodi mwanayu amayamwa kangati patsiku sindinafunse ngakhale mmodzi. Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo ndinadyetsa ana a eni.

Panali chinanso chimene chinali pamphuno panga penipeni. Sukulu inali itakhala yaulere, ndipo bambo anu ankabwera madzulo mawu atasasa chifukwa chophunzitsa chikhamu cha ana pansi pa mtengo. Atsikana onse amene kale anali alezi, amene akanatha kumuthamangitsira mwana kwa mayi ake kuti akayamwe kumtunda kwa doko, anali m'kalasi. Ndinkamva nkhani zimenezi patebulo tsiku lililonse osazilumikiza ndi sikelo yanga.

Ogasiti, 1995

Linali Lachiwiri masana. Chingwe cha sikelo chinali chitaduka, ndiye ndinkasakasaka china m'madirowa. M'dirowa ya pansi, pansi pa mabandeji, ndinakhudza kapepala kapulasitiki. Ndinawerenga dzina pakhadipo: Dalitso. Miyezi inayi! Ndinayesa kukumbukira tsiku limene ndinamuona Esinati komaliza, n'kupeza kuti ngakhale kukwaya anali atasiya, ine n'kumati ndi geni. Ndinathamangira kwa a Kachingwe.

"Adokotala, Esinati mkazi wa Lufeyo anabwerapo kuno?"

"Anabwera muli kusemina, amafuna khadi. Ndinafufuza osalipeza, ndiye ndinati adzabwere inu mulipo. Kodi sanabwerenso?"

Ndinabwereka njinga yawo osadikira kuti avomere. Pakhomo pa Esinati ndinapeza mayi ake, a Nabanda, amene maso awo anali ndi ng'ala, atakhala pakhonde mwana ali pamiyendo. Ankatunga dawale, kaphala kamadzimadzi kaja, n'kumamuthira m'kamwa ndi chikhatho. Ndinawapatsa moni n'kuvundukula nsalu. Ambuye wanga! Ndinaona kankhalamba. Nkhope yamakwinya, liwombo litalowa, khungu la m'matako likulendewera, pakhosi atamumanga kachingwe ka mankhwala. Mwana amene ndinamulandira ali wolemera uja ndinamunyamula ndi dzanja limodzi. Anatsegula kukamwa kuti alire koma mawu sanatuluke.

"Amayi, mwanayu wadwala liti?"

"Sadwala ayi, anesi. Mkaka wa amake ndiwo unathawa. Tayesa mankhwala a liwombo, tayesa kwa abusa, kaya."

"Nanga kuchipatala osabwera naye bwanji?"

"Popanda khadi? Amati mukatithamangitsa."

Ndinakhala pansi padothi ndi yunifomu yoyera. Posakhalitsa Esinati anatulukira, beseni la usipa lili pamutu. Atandiona anadzidzimuka, anatula, anagwada n'kundilonjera. Ndinkayembekeza kuti amulanda mwana n'kumuika kubere, monga amachitira mayi aliyense amene wachoka tsiku lonse. Iye anangomuyang'ana n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Ndinamutsatira. Ndinamupeza atawerama padzala, akufinya bere, mkaka ukudontha paphulusa.

"Iwe! Ukutani?"

"Ndikutaya woipawu, anesi."

"Woipa? Waipa ndi chiyani?"

"Wakhala m'bere kuyambira m'mawa, wapsa ndi dzuwa, wasasa. Amayi amati mkaka wotere ukampatsa mwana amatsegula m'mimba. Ndiye timayamba tataya, tisambe, mabere azizire."

"Ndiye amayamwa nthawi yanji?"

"Ndikasamba. Koma amakhala atakhuta dawale, amangoyamwa pang'ono n'kugona. M'mawa ndimanyamuka mabwato asanafike. Poyamba unkatuluka wambiri mpaka bulauzi kunyowa, ndinkachita kuvutika nawo padoko. Pano ndi timadontho tomweti."

Ndinakuwa, monga mwa chizolowezi changa. "Nanga bwanji osapita naye kuti aziyamwa komweko, chitsiru iwe?"

Esinati anaweramuka, bere likadali m'manja. Sanandiyang'ane mwaukali ayi. Anandiyang'ana modabwa, ngati akuona munthu amene wayamba misala.

"Anesi, si inu munaletsa?"

Ana anga, ndamvapo mawu ambiri oopsa pantchito imeneyi, koma oposa amenewa sindinawamvepo. Ndinafunsa chapansipansi ngati amayi onse aja odandaula za mkaka amachita zomwezi. Anati, "Onse. Ife timamva, anesi." Chinthu chimene ndinachiphunzira chaka choyamba kusukulu, chimene ndikanachinena ngakhale mutandidzutsa kutulo, n'chakuti bere limapanga mkaka molingana ndi mmene mwana akuyamwira. Akamayamwa pafupipafupi umachuluka, akasiya umachepa. Ndipo mkaka susasa m'bere, ngakhale mayi atakhala padzuwa tsiku lonse. Chikhulupiriro cha mkaka wosasa chinalipo kuyambira kale, koma sichinkapweteka munthu chifukwa kale mayi sankasiyana ndi khanda lake. Amene anawasiyanitsa ndine. Panalibe mfiti, panalibe jakisoni, panalibe chimanga chachikasu. Panali thabwa la penti yofiira ndi pakamwa panga.

Ndinamubereka Dalitso kumsana kwanga, Esinati n'kukhala pakaliyala, mpaka kuchipatala. Pasikelo anangoposa pang'ono mmene analili mu Epulo. Ndinaika kadontho kachitatu pakhadi lake. Ndinawagoneka m'chipinda cha amayi ochira, n'kumuuza Esinati kuti mwana akhale pachifuwa pake khungu ndi khungu, ndipo azimuika kubere nthawi iliyonse, kaya mutuluke kanthu kaya ayi. Mkaka wa m'chitini pachipatala panalibe, ndinatuma munthu kutauni, ndipo tinkamumwetsa pang'onopang'ono ndi kakapu akatha kuyamwa.

Kenako ndinapita kwa a Kachingwe n'kuwauza zonse, ndi kuti mawa ndikukachotsa chikwangwani ndipo ndikawauza amayi chifukwa chake. Anazimitsa kawayilesi kawo.

"Asisita, taganizani bwino. Chikwangwanicho mabwana anachiyamikira, chili m'malipoti. Tingochizula mwakachetechete, tinene kuti chagwa ndi mphepo."

"Chikagwa ndi mphepo lamulo likhalabe m'mitu mwawo. Analimva pakamwa panga, alimvenso pakamwa panga likuchoka."

"Mukavomera pagulu kuti munalakwa, masiku ano adzatiyendera ndi miyala. Adzatilemba! Ndipo mvula ikubwera. Kolera akabweranso, mwana wina n'kufa atatengera padoko, adzati ndani anachotsa lamulo?"

Pamenepo ananena zoona. Kamwana kokwawa kaja ndinali ndisanakaiwale. Koma kolera anali wa mwina, pamene ana oonda anali pamzere Lachisanu lililonse, ndipo mmodzi anali m'chipinda chachiwiri kuchokera pamene tinakhalapo. Ndinawauza kuti akafunsidwa adzanene kuti anandiletsa ine n'kukana kumva, pakuti aliyense akhulupirira zimenezo.

M'mawa mwake ndinatenga hamala ya bambo anu. Ndinazula thabwa lija n'kutsika nalo kudoko, ndipo ndinakwera pabwato ngati tsiku lija. Mawu anga amene ankamveka mpaka kumsika, tsiku limenelo ankatuluka ngati a mwana.

"Amayi, mkaka wanu sunathawe wokha. Ndinauthamangitsa ndine. Mwana akapanda kuyamwa tsiku lonse, bere limaleka kupanga mkaka. Ndinakulamulani kuti muzisiya ana kunyumba, kenako n'kumakutukwanani kuti ndinu aulesi. Ndinalakwa. Katengeni ana anu, aziyamwa pomwe muli. Ndipo mkaka susasa m'bere, musamautaye."

Kenako anaimirira a Nasibeko, mayi wa geni yaikulu amene mdzukulu wake anali mmodzi mwa otsika sikelo. Anapukuta manja pachitenje n'kubwera pafupi.

"Anesi, mukuti ana athu aonda chifukwa cha thabwa ili? Ife kumwa mankhwala owawa, kunenana ufiti pachibale, amuna athu kumatinena kuti tayenda moipa, zonsezo chifukwa cha thabwa?"

"Eya, mayi."

"Kale tikanangoti zikomo n'kupita kukalirira kunyumba. Lero tikuuzani pamaso: mwatilakwira kwambiri. Esinati anakufunsani kuti mwana ayamwa chiyani, tonse tinamva. Munamuyankha?"

"Sindinamuyankhe."

Miyala imene a Kachingwe ankaopa sinabwere, koma ndikanakonda miyala. A Nasibeko omwewo ndiwo anati madzi akatayika saoleka, tione za ana amene atsala. Iwo ndiwo anaganiza zomanga chisakasa chakumtunda, kutali ndi pamene amatumbulira nsomba, choyalamo mphasa kuti okwawa asafike pamchenga, amayi n'kumasinthana kukhalamo. Ine ndinangowonjezera ndowa ya madzi a kolorini ndi sopo zosambira m'manja asanayamwitse. Nzeru imeneyi ikanapezeka mu Januwale ndikanangofunsa. Pofika Loweruka chisakasa chinali chitaima, ndipo thabwa langa analisandutsa benchi.

Dalitso analimba masiku anayi. Tsiku lachinayi Esinati anandiitana akuseka kuti ndidzamve, ndipo nditaika khutu ndinamva mwana akumeza. Ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa thanki. Tsiku lachisanu thupi linatentha, kupuma kunayamba kuthamanga, nthiti zikulowa. Chinali chibayo, ndipo kathupi kameneko kanalibe poyambira kulimbana nacho. Ndinamubaya mankhwala amene tinali nawo, tinaitana ambulansi pawayilesi ya mauthenga, anatiyankha kuti ilibe mafuta. M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi tinakwera matola, ine, Esinati ndi mwana, pakati pa madengu a nsomba. Dalitso anatisiya tisanafike m'tauni ya Salima, ali kubere. Lufeyo tinamutumizira uthenga ku Mbenji, anafika ndi bwato anthu atabwerako kale kumanda.

Ana ena aja ambiri anabwerera m'chimake, pang'onopang'ono, ndipo pofika nthawi ya mvula madontho anali atayambanso kukwera. Kuboma anandiitana kukafotokoza chifukwa chimene ndinachotsera lamulo popanda chilolezo, ndipo kukwezedwa kumene ndinkayembekezera chaka chimenecho kunandidutsa. Sindinadandaule. Ndinagwirabe ntchito pamalo omwewo zaka zina zisanu ndi zitatu. Kulusa sindinasiye, inu ndinu mboni, koma kuyambira pamenepo mayi akati mkaka ndi wochepa ndinkayamba ndakhala pansi n'kumufunsa kuti andiuze za tsiku lake kuyambira podzuka. Ndi zimene ndinakufunsa iwe Tamanda ndisanatule ndi chikwama chomwe, ndipo unaona wekha kuti vuto linali maola amene mwana ankakhala osayamwa iwe uli kuntchito.

Lachisanu loyamba maliro atachitika, ndili pansi pa mango kuyeza ana, ndinaona Esinati ali pamzere, kumutu atameta, kumsana kulibe kanthu. Anadikira mpaka nthawi yake itakwana, ngati wina aliyense. Atafika patsogolo anachotsa chitenje chimene anafunda pachifuwa. Bulauzi yake inali itanyowa mbali zonse ziwiri, mkaka ukuyenderera mpaka m'chiuno.

"Anesi, uja tinkaufuna uja wabwera. Ndiutani?"

Ndinamulowetsa m'chipinda. Ndinamuuza zoika nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, ndi kufinya pang'ono pokha akamva kuwawa, kuti uuma wokha. Ndinalankhula ngati nesi chifukwa mawu ena ndinalibe. Pomwe ankanyamuka ndinatsegula dirowa, ndinatenga khadi lija m'kapepala kake kapulasitiki, ndinagwada n'kumupatsa ndi manja awiri. Analiyang'ana koma sanalilandire.

"Lisungeni inu," anatero. "Munati ndidzalitenge ndikadzaphunzira kumva. Ine ndinamva kale, anesi."

Envulopu ija mukhoza kuitsegula tsopano. Mupezamo madontho atatu, onse olemba dzanja langa.